Tsiku Limene Dyness Anabwereketsa Botolo la Mpweya

Mutu 7

1. Khadi

Dyness Kamanga anabwera kuchokera ku Siavonga ndi khadi lolimba ngati la ku banki, chithunzi chake chili pakona. Khadilo linkanena kuti mwini wake waphunzira kumira m'madzi ndi botolo la mpweya kumsana, ndipo wakhoza mayeso. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. M'komboni yonse ya George munalibe mtsikana wina amene anachitapo zotere.

Pa kiyosiki ya madzi azimayi ankagundana zigongono iye akamadutsa. "Ni uja wa ba Angelina ogulitsa tomato. Akuti amayenda pansi pa manzi monga nsomba." Amayi akewo anapita nalo khadilo mpaka ku tchalitchi kukaonetsa anzawo.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanalikhudze, ngakhale kuliyang'ana. Ameneyu anali Given, mchimwene wake wamkulu.

Kumapeto kwa komboni kuli dzenje lalikulu limene anthu anakumbamo miyala kalekale, kenako linadzaza madzi. Amalitcha Chimugodi. Given ndiye anali katswiri wa dzenjelo. Ankatha kumira mphindi ziwiri ndi mpweya wa m'chifuwa mwake basi. Foni ikagweramo, ankaitana Given. Mwana wina atamira chaka chatha, amene anakamutulutsa anali Given.

Kampani yaing'ono ya ba Kafula, yokonza mapaipi a mapampu m'madamu, itafuna wachinyamata woti imuphunzitse, aliyense anatchula Given. Koma maphunzirowo anali ndi mabuku ndi mayeso olemba, choncho ankafuna wa Giledi 12. Given anasiyira Giledi 8, chaka chimene bambo awo anamwalira. Anayamba kukweza miyala m'malole kuti mlongo wake apitirize sukulu.

Malowo anapita kwa Dyness. Kuyambira tsikulo nyumba yawo ya zipinda ziwiri inachepa.

2. Mawu a ba Dyton

Ntchito yoyamba ya Dyness inagwa Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo inagwera pa Chimugodi pomwepo. Oumba mabuloko ankapopa madzi m'dzenjemo, koma pampu yawo inaleka kukoka.

Anapita ndi ba Dyton Mbewe, mkulu wa omira m'madzi pakampanipo. Ba Dyton anagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Agogo awo anachokera ku Ntcheu, ndipo Chinyanja chawo chinali chakale, chosathamanga ngati cha m'tauni.

Anatsika awiriwo motsata paipi mpaka pansi, mamita asanu ndi limodzi. Anapeza sefa ya kukamwa kwa paipi itasweka, mapulasitiki atatseka ponseponse. Asanakwere, ba Dyton anatola thumba limodzi, naliuzira mpweya wa m'botolo, nalimanga pakamwa. Analigwira patsogolo pa Dyness uku akukwera pang'onopang'ono. Thumbalo linatupa, linalimba, ndipo atatsala pang'ono kutulukira, linaphulika.

Kumtunda anavula zida, nakhala pa mwala. Ba Dyton anatembenuza geji ya Dyness, yoonetsa mpweya wotsala m'botolo.

"Taona apa. Tinalowa ndi mabotolo odzaza mofanana, takhala pansi nthawi imodzi. Ine ndadya pang'ono, iwe wadya pafupifupi theka. Ukupuma ngati munthu wothamangira minibasi. Pansi pa madzi palibe kondakitala wokusiya. Koka mpweya mwakachetechete mpaka ufike m'mimba, kenako utulutse mochedwa kuposa mmene unakokera. Ukaona mtima ukuthamanga, leka zonse. Gwira paipi, puma katatu, ganiza, kenako uchite chimene ufuna kuchita. Geji uziiyang'ana kawirikawiri, usadikire kuti ikukumbutse. Makutu akayamba kuwawa usawakakamize. Kwera pang'ono, tsina mphuno, uzira mofatsa."

Dyness anagwedeza mutu. Zonsezi anazimva kale ku Siavonga, koma sanayerekeze kunena.

"Ndikudziwa kuti anakuphunzitsa," anatero ba Dyton, ngati amuwerenga pankhope. "Khadi limanena kuti unamva. Silinena kuti thupi lako lamva. Thumba lija waliona? Chifuwa chako ndi chomwecho. Pansi, madzi amapanikiza mpweya, umakhala wothinana. Ukamakwera umatupa. Anyamata a pano amamira ndi mpweya wa kumtunda. Iwo akhoza kutseka pakamwa, palibe kanthu, chifukwa amabwera ndi womwe anapita nawo. Koma wakoka wa m'botolo ali pansi, akatseka pakamwa n'kukwera, mapapo amang'ambika. Sipafunika kuya kwambiri ayi. Kutalika kwa chitseko cha nyumba n'kokwanira."

Anapukuta madzi pa ndevu zawo zaimvi.

"Ndinali ndi mnzanga dzina lake Moven. Kusambira ankandiposa kutali. Tsiku lina galasi lake la kumaso linalowa madzi, anachita mantha, anakwera atatseka pakamwa. Ndinamunyamula ndi manja awa. Sanafike kuchipatala. N'chifukwa chake ine ndimaopa kwambiri odziwa kusambira, poti thupi lawo linazolowera kusunga mpweya. Mantha akabwera, thupi silifunsa mutu. Limachita zimene linazolowera."

Anaimirira, natenga makiyi a vani.

"Ndipita m'tauni kukagula sefa yatsopano. Ola limodzi ndi theka ndabwera. Zida zonse zili m'manja mwako, ndi bokosi la okosijeni lomwe. Iwe usalowe m'madzi wekha. Ndipo munthu aliyense asakhudze botolo. Sindikuti mlendo yekha. Aliyense. Wamva?"

"Namva, ba Dyton."

3. Given afika

Vani isanazimiririke bwino m'fumbi, Given anatulukira kumtunda kwa dzenje ndi anzake anayi. Anali atangomaliza kukweza lole, matupi awo ali mbuu. Mmodzi wa iwo, Shawn, anali kale atatulutsa foni.

"Bwana wa manzi!" anafuula Shawn. "Tabwera kuona vinthu va ku Siavonga."

Given sanaseke. Anatsika, naima pafupi ndi zida za ba Dyton. Analiyang'ana botololo nthawi yaitali, kenako analigogoda ndi chala.

"Ni ichi chabe?"

"Musagwire, ba Given. Ba Dyton bakana."

"Ba Dyton bali kuti?"

"Bayenda mu tauni."

"Manje nivalike. Nifuna niyeseko kamozi."

Dyness anaimirira pakati pa mchimwene wake ndi botololo. "Sizingatheke. Munthu afunika kuphunzira poyamba. Ni voopsa."

Anyamata aja anaseka. "Voopsa kuli Given? Mu Chimugodi?"

"Iwe Dyness," anatero Given, mawu ake ali pansi. "Anakuphunzitsa kusambira ni ndani?"

"Ndimwe."

"Kuti?"

"Pano."

"Pamene unali na zaka seveni, unaterereka pa mwala uja. Anakuchotsa ni ndani? Ni ba Dyton?"

Dyness anayang'ana mwalawo.

"Nakufunsa. Ni ba Dyton?"

"Ndimwe."

"Ine ninasiya sukulu nili na zaka fotini. Ona manja aya." Anawatambasula. Zikhatho zinali zong'ambikang'ambika, chala chimodzi chopindika pamene mwala unachigwera. "Yunifomu yako inachoka apa. Nsapato zako zinachoka apa. Giledi 12 yamene banafuna ba Kafula inachoka apa. Sininakupemphepo kanthu olo kamozi. Lelo napempha maminitsi faifi chabe, kuti nimveko vamene umamva, uniuza ati ba Dyton bakana. Pamaso pa banzanga."

Oumba mabuloko anali atasiya mafosholo, akumvetsera. Mayi wina amene ankachapa m'mphepete analankhula osadzutsa mutu. "Bana basiku ano bakaphunzira, baiwala wamene anabanyamula."

Mawu amenewo anamulasa Dyness kuposa onse. Anayang'ana kumsewu. Kunalibe vani, kunali fumbi lokha.

Given anatembenuka kuti azipita. "Siya. Sunga botolo yako. Tiyeni, baume."

"Ba Given."

Anaima.

"Maminitsi faifi. Tizangena tonse babili. Sitipitirira pa mwala uja wa pafupi. Ndipo muzamvera vonse vamene nizakamba."

Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, Given anamumwetulira mlongo wake.

4. Pansi pa madzi

Dyness anamuveka jekete ya ba Dyton ndi botolo lake, lamba wa zitsulo zolemera m'chiuno, galasi kumaso, ndi zopalasira kumapazi.

"Mverani. Ichi chopumira musachotse mukamwa. Pumani nthawi yonse, mukati, panja, mukati, panja. Musasunge mpweya olo pang'ono. Galasi ikangena manzi, yang'anani kumwamba, tsindikani pamphumi, muuzire na mphuno. Pokwera tikwera pang'onopang'ono. Mukatseka pakamwa pokwera, mapapo..."

"Namva, tichala," anatero Given, maso ali kwa Shawn amene ankajambula. "Manzi aya niyaziba kuchila nyumba yathu."

Zimene Dyness anaphunzira milungu itatu anazinena mphindi zitatu, kwa munthu amene sankamvetsera.

Analowa. Madzi a Chimugodi ndi obiriwira ngati msuzi wa chisoso, munthu saona kupitirira pamene dzanja lake lafika. Dyness anagwira lamba wa jekete ya Given. Anatsika mpaka pa mwala wa pafupi uja, mamita awiri okha, nagwada pamenepo.

Given anakoka mpweya. Anakokanso. Maso ake mkati mwa galasi anakula ngati a mwana. Moyo wake wonse ankafika pansi pa dzenjeli ngati wakuba, chifuwa chikumuthamangitsa kuti abwerere. Lero palibe chinkamuthamangitsa. Anafinya dzanja la mlongo wake, ndipo Dyness anamva kuti akuseka.

Kenako anamasula dzanjalo, nagwira paipi ya pampu, nayamba kutsika nayo mutu uli pansi.

Dyness anamukoka mwendo. Given anaupulumutsa. Panalibe njira yomuitanira, poti pansi pa madzi munthu alibe mawu. Anamutsatira, akutsina mphuno kuti makutu atseguke, mpaka anamupeza pansi penipeni pafupi ndi sefa yosweka.

Anamugwira jekete, namulozera chala chachikulu kumwamba. Kwa omira m'madzi chizindikiro chimenecho chimatanthauza kuti tikwere. Given anabweza chala chomwecho mokondwa. Iye ankati zonse zili bwino. Dyness anali ataiwala kumuuza zizindikiro.

Zopalasira za Given zinavundula matope. Kunada bii. Potembenuka anagunda nkhope pa paipi, galasi linasendemuka, madzi ozizira anathira m'maso ndi m'mphuno.

Dyness anali atamugwirabe. Anamva chifuwa cha mchimwene wake chikufufuma pamene ankakoka mpweya wambiri, monga ankachitira nthawi zonse. Anamva chopumira chikumugunda padzanja, chitalavulidwa. Kenako Given anaponda pansi mwamphamvu, nauluka.

Dyness anadumphira mwendo kuti amuchedwetse. M'manja mwake munatsala chopalasira chokha.

Thupi lake lonse linkafuna kuthamangira kumwamba. Anagwira paipi. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu. Kenako anakwera monga anaphunzirira, akutulutsa mpweya, osapitirira tithovu ting'onoting'ono tochoka pakamwa pake. Sanakwerepo ulendo wautali ngati umenewo.

5. Kumtunda

Atatulukira anamva anyamata akuimba mluzu ndi kuwomba m'manja. Given anali pamwamba pa madzi, dzanja limodzi atakweza. Dyness anatsala pang'ono kuthokoza Mulungu.

Dzanjalo linagwa. Given anatsokomola, ndipo pakamwa pake panatuluka thovu lofiirira. Anatsegula pakamwa ngati nsomba ya pamchenga, koma mpweya sunkalowa. Zitsulo za m'chiuno zinayamba kumukokera pansi.

Dyness anafika. Anamasula lamba wa zitsulo, nausiya umire. Anapopa mpweya m'jekete ya Given kuti ayandame, namugoneka chagada, namukokera kumtunda. Mluzu unali utaleka.

Anamutulutsa anthu anayi. Mmodzi wa oumba mabuloko anagwada, naika manja pamimba pake. "Wamwa manzi, tiyeni timufinye!"

"Musamufinye!" anakuwa Dyness. "Sanamwe manzi. Ni mapapo. Chokaniponi!"

Anatsegula bokosi la okosijeni, namuveka chophimba pakamwa ndi pamphuno, natsegula mpweya. Milomo ya Given inali itayamba kuda. Anagwira kudzanja lamanja kwa chifuwa, akubuula.

"Shawn, leka kujambula! Tenga foni yanga mu chola, tumira ba Dyton!"

Shawn anamvera ngati mwana wa sukulu. Mayi wochapa uja anali atatola beseni lake n'kuzimiririka.

Ba Dyton anabwerera panjira asanafike m'tauni. Vani inaima ndi fumbi, iwo natsika akuthamanga, chinthu chimene Dyness anali asanawaonepo akuchita. Anayang'ana Given. Anayang'ana jekete yawo ili pansi, yonyowa. Anayang'ana Dyness kamodzi kokha.

Anagwada, nasisita khosi la Given ndi zala. Pansi pa khungu pankamveka kuthetheka ngati pepala la pulasitiki.

"Anafika pansi?"

"Inde."

"Anakwera atatseka pakamwa?"

"Inde."

"Okosijeni wamupatsa nthawi yanji?"

"Titangomutulutsa."

"Munyamuleni bwino, asayende yekha. Iwe khala naye kumbuyo, chophimba chisachoke."

Anathamangira naye kuchipatala chachikulu.

6. M'khonde la chipatala

Anadikira maola atatu pa benchi. Dzuwa litapendeka, dokotala wamkazi anatuluka. Anati phapo lamanja lang'ambika ndipo lafota, choncho amuboola m'nthiti n'kuikamo kapaipi kotulutsa mpweya umene unatayikira m'chifuwa. Anati apulumuka, ndipo okosijeni uja wamuthandiza kwambiri. Koma akhala miyezi osanyamula cholemera, ndipo zomira m'madzi aiwale.

Dokotala atachoka, ba Dyton anatulutsa mpweya wautali.

"Khala pansi, Dyness."

Anakhala kumapeto kwa benchi.

"Sindikukalipira. Kukalipa kumathandiza chinthu chisanachitike. Pamene anatulukira, unachita zonse bwino. Unataya zitsulo, unamuyandamitsa, unaletsa omufinya, unamupatsa okosijeni. Iwe mwini unakwera mofatsa, m'bale wako ali pamwamba. Ambiri sakanatha. Koma zonsezo ndi kukolopa madzi amene wataya wekha."

Dyness anayang'ana pansi. Tsitsi lake linali likununkhabe matope a Chimugodi.

"Ndikudziwa zimene anakuuza. Shawn wandifotokozera. Zoona, anakusiyira sukulu. Zoona, malo aja anali oyenera iye, ndipo ine ndinamumenyera nkhondo kwa ba Kafula, ndinalephera. Ukanandiuza kuti mtima wake ukuwawa chonchi, ndikanamutenga ine, tikanayamba naye m'madzi ofika m'chiuno, sabata ndi sabata, mpaka thupi lake liiwale kusunga mpweya. Njira inalipo. Iwe unasankha yachidule chifukwa anthu ankakuyang'ana."

"Ninaopa kuti bazaniona monga wosayamika."

"Akanakuona choncho, inde. Akanakunena pa kiyosiki sabata imodzi, mwina mwezi. Mchimwene wako akanakukwiyira ali ndi mapapo awiri. Pa ntchito yathu, mwana wanga, mawu oti ayi ndi chida, ngati geji, ngati chingwe. Amene sangathe kuwanena kwa munthu amene amamukonda, sanamalize maphunziro. Anthu amene ankakukakamiza aja ali kuti tsopano? Waonapo mmodzi pakhonde pano? Anapita kukadya. Pabenchi pano tatsala iwe ndi ine."

Foni yawo inalira. Anapita pambali, nayankha mwaulemu, nabwera nkhope itagwa.

"Ba Kafula amenewo. Kanema wa Shawn wafika kale kwa iwo, komboni yonse yamuona. Akufuna lipoti lolemba Lolemba m'mawa, langa ndi lako, aliyense payekha. Funso lawo ndi limodzi: analoleza ndani kuti munthu wosaphunzira avale botolo la kampani? Akapeza kuti ndine, zaka zanga makumi atatu ndi chimodzi zathera pomwepo, ndipo palibe adzandilembenso. Akapeza kuti ndiwe, ntchito yako yatha isanayambe. Ine ndilemba zimene ndikudziwa, kuphatikizapo kuti ndinasiya zida ndi munthu wa ntchito ya tsiku limodzi. Cholakwa chimenecho ndi changa. Iwe ulembe zimene unachita."

7. Pambali pa bedi

Ba Angelina anafika nthawi yoonera odwala itayamba, chitenje chikununkha tomato, maso ali psuu. Anadutsa ba Dyton osapereka moni. Anagwira Dyness padzanja, namukokera m'wodi.

Given anagona chotsamira mapilo. Kapaipi kochokera m'nthiti mwake kankatsikira m'botolo la madzi pansi pa bedi, ndipo akatsokomola, m'botolomo munkabwata thovu. Munthu amene m'mawa anakweza lole yathunthu ankalephera kudzikokera bulangeti.

Amayi awo anamuyang'ana, nagwira pakamwa. Kenako anatembenukira kwa Dyness.

"Ndiye vamene unayendera ku Siavonga ivi? Kuti ukaphunzire kupaya m'bale wako?"

"Bamai, ninakana poyamba..."

"Khala zii! Iwe ndiwe unaphunzira. Iye anaziba chani? Nayenda na khadi yako ku chechi, naionetsa bantu, kanshi nionetsa mpeni."

Odwala a mabedi oyandikana anatembenuzira nkhope kukhoma.

Ba Angelina anakhala pa mpando, napuma. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika, ndipo anali oopsa kuposa kukalipa kuja.

"Namva ati bafuna lipoti. Manje mvera. Uyu sazagwira nchito miyezi, mwina chaka. Tomato yanga uiziba, siingatidyetse batatu. Iwe bakakuchotsa, nyumba yagwa. Uzalemba kuti mudala uja ndiye anavomeza asanayende mu tauni. Anakamba ati m'bale wako akabwera, muyeseko pafupi. Panalibe wina anamva vamene munakamba babili."

"Bamai, ba Dyton banakana. Banakamba kabili konse."

"Ba Dyton ni atate bako? Bana bake banakula, bali pa nchito. Iye wadya kale vake. Iwe ukali kuyamba."

Dyness anayang'ana mchimwene wake. Ankayembekeza kuti iye, amene anamva ndi makutu ake mawu oti ba Dyton akana, anena kanthu.

Given anatsegula maso. Analankhula movutika, mawu amodzi, kupuma, mawu ena.

"Ninakupempha... kamozi... wanipasa ivi." Anatsokomola, botolo la pansi pa bedi linabwata. "Manje nipempha... kachibili. Chita... vamene bakamba bamai."

Anatembenuzira nkhope kwina.

Belu lotulutsa alendo linalira. Ba Angelina anaimirira, nakonza bulangeti la mwana wawo, nagwiranso dzanja la Dyness pamwamba pa chigongono. Anatuluka limodzi.

Ba Dyton anali pa benchi pomwe paja. Pambali pawo panali kathumba ka mabanzi ndi mabotolo awiri a zakumwa. Ataona awiriwo anaimirira, navula chipewa.

"Pepani kwambiri, mayi, ndi zimene zachitika. Simunadye chilichonse, tengani aka. Minibasi nthawi ino zadzaza. Tiyeni ndikakutuleni kunyumba."

"Zikomo, ba Mbewe," anayankha ba Angelina ndi mawu osalala, akulandira kathumbako. "Mulungu akudaliseni."

Zala zawo zinalowa m'mnofu wa dzanja la Dyness mpaka zikhadabo zinaluma.

Ba Dyton anatsogola, akufufuza makiyi m'thumba. Atafika pa vani anatsegula kabati ya kutsogolo, natulutsa mapepala awiri a kampani opanda cholembedwa. Limodzi analipinda, naliika m'thumba la shati yawo. Linalo anapatsa Dyness.

"Uli ndi mawa lonse," anatero. "Usathamange. Ulembe bwino."

Dyness analandira pepalalo ndi manja awiri. Amayi ake anali atakhala kale m'vani, akumuyang'ana pa galasi.